Phula pa Diresi la Priscilla

Diresi lija Anastasia analisoka miyezi itatu pa mashini yopukusa ndi dzanja, ataikhazika pa mtondo wovundikira chifukwa thebulo la m'nyumba linali logwedera. Nsalu yake inachokera ku Chipata, kumene akuluakulu ankatchabe kuti ku Fotijemisoni, ndipo inafika kwawo ku Malama pa lole ya a Gemu, a boma oteteza nyama zakutchire, pakati pa matumba a ufa wa asikauti awo. Ankasokera mwana wake Priscilla, mtsikana mmodzi yekha pakati pa anyamata anayi, amene ukwati wake ndi Langford, mphunzitsi wa ku Jumbe, unali woti uchitike kumapeto kwa Okutobala.

Ankasoka masana akachoka kudimba, msana ukuwawa, atasamba m'manja kawiri. Fumbi la kuchigwa m'chilimwe limalowa ngakhale m'botolo lotseka, choncho akamaliza ankalikulunga diresilo m'zitenje ziwiri n'kulipachika kudenga. Anyamata ake anadziwa kuti wolikhudza adzagona ndi njala.

Litangotha, mwamuna wake Silas, sikauti wa a Gemu, anabwera kuchokera kutchire kumene anakhala masabata awiri akulondera nyama. Anasamba, anadya, ndipo akumasula zingwe za majombo ananena kuti anauza mlongo wake Margaret kuti Alice, mwana wa Margaretyo, avale diresilo pa ukwati wake. Ukwati wa Alice unali kutsogola ndi masabata awiri. Analankhula ngati akunena za khasu lobwereketsa kwa mnansi.

Anastasia anafunsa ngati analisoka ndi iwowo. Silas anati diresi silitha ndi tsiku limodzi.

"Ndalankhula kale, amake Priscilla. Mukufuna ndikabweze mawu pamaso pa mbumba yanga?"

Mawu amenewo Anastasia anali atawamva zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Kwawo kuno mwamuna amayang'ana ana a mlongo wake, ndiwo mbumba yake; ana obala yekha ali ndi amalume awo kuchikazi. Mwambowo Anastasia sankautsutsa, anakuliramo. Koma amalume ake a Priscilla anapita kumigodi ndipo zaka zisanu ndi zinayi zinali zitadutsa popanda ngakhale kalata. Ndiye bulangete latsopano la a Gemu linkapita kwa Alice. Mwendo wa njati ukagawidwa pakampu unkayamba wadzera kwa Margaret, kuno kumafika mafupa ndi chikopa. Alice ankapita kusukulu pa njinga ya amalume ake, Priscilla akuyenda wapansi m'mbuyo mwawo, atanyamula mabuku a onse awiri. Zonsezo Anastasia anameza. Tsopano ankafuna ndi diresi lomwe.

Anavomera, poti kukana kukanangobweretsa misonkhano ya abale. Koma anaika malamulo ake: mkwatibwi asakhale pansi atalivala, asadye atalivala, ndipo womuveka ndi womuvula akhale iye Anastasia. Atamuuza Priscilla, mtsikanayo anangoti chabwino amayi n'kupitiriza kupeta mapira. Kufatsa kumeneko kunamupsetsa mtima mayi wake kuposa mawu a Silas.

Tsiku loyesa diresi, Alice anabwera ndi amayi ake. Anali wochepa thupi, choncho Anastasia anapinda m'chiuno ndi m'mapewa ndi ulusi wongogwiriza, woti adzausolole pambuyo pake. Atamaliza anabwerera m'mbuyo kuti aone, ndipo chimene anaonacho sanachikonde. Priscilla anatengera amayi ake mapewa otambalala a munthu wosenza madzi, ndipo diresilo pa iye linkakhala bwino ndithu, mwaulemu. Pa Alice linkaoneka ngati nsaluyo inalukidwa akuganiza za iye. Anastasia analuma ulusi n'kumuuza kuti aimirire bwino, asamangozungulirazungulira ngati nkhuku yodwala.

Margaret ankagwira ntchito yochapa ndi kusita kunyumba kwa Bwana wa Gemu. Ankavala nsapato ngakhale pakati pa sabata, ndipo polankhula ankaponyamo timawu tachizungu ngati mchere. Iye ndiye anayambitsa za maluwa. Anati Alice sadzanyamula maluwa a mapepala monga amachitira ena. Adzanyamula enieni, ngati a pa chithunzi cha ukwati wa Dona, mkazi wa Bwanayo, ndipo Dona walola kuti athyole mumtengo wa pafupi ndi khonde, wa maluwa oyera achikasu pakati, umene amautcha fulanjipani.

Mtengo umenewo Anastasia ankaudziwa. Ukathyola nthambi umatuluka mkaka, ndipo mkakawo unadonthera pa malaya a yunifolomu a Silas chaka china. Madontho ake anada ngati dzimbiri mpaka malayawo anatha. Ananena zimenezi mosazungulira, n'kuwonjeza kuti pa diresi lake sipadzayandikira chinthu chotuluka mkaka, kaya ndi mtengo kaya ndi mbuzi.

Margaret anaseka. "Alamu, ine ndachapa nsalu za azungu zaka thwelofu. Mundiphunzitse za madontho inu?"

Anafotokoza kuti maluwawo amawathyola dzulo lake madzulo, n'kuwaimika m'chitini cha madzi. Mkaka wonse umatsikira m'madzimo, m'mawa n'kungopukuta timitengo take ndi kansalu, basi. Ananena momveka bwino, koma m'makutu mwa Anastasia munangotsala zaka thwelofu zija. Madzulo anakadandaula kwa Silas, ndipo Silas anati zinthu zachizungu amazidziwa ndi Margaret.

M'mawa wa tsiku la ukwati, Margaret ali m'nyumba kukonza tsitsi la mwana wake, Anastasia anazungulira kuseri. Maluwa anali m'chitini pamthunzi wa nkhokwe, akununkhira mpaka kuphiri la phulusa. Anawatulutsa n'kuyang'ana kumapeto kwa timitengo. Mkaka sunkaoneka, zoona. Koma ndani akanamutsimikizira kuti akafinyidwa m'manja mwa mtsikana wamantha sudzatulukanso? Diresi linali lake, osati la Dona.

M'kachitini kake ka singano munali chibuluma cha phula la njuchi, limene ankapakira ulusi kuti ulimbe. Analiika pa chivundikiro cha poto, n'kulisungunula pa makala pamene amayi ena ankaphika thobwa. Anaviika timitengo tonse m'phulamo, kamodzi, kawiri, katatu, mpaka kumapeto kwake kunatsekeka ngati pakamwa pa botolo. Lotsala analithira pakati pa mtolowo kuti ugwirane. Kenako anakulunga ndi kansalu koyera kotsala pa diresi lomwelo, n'kusoka mwaudongo. Atagwira, chogwiriracho chinali cholimba, chouma, chosalala. Tsiku lonselo sanamvenso mtendere ngati wa nthawi imeneyo.

Margaret ataona kansalu koyerako anati alamu mwachita bwino, zaoneka ngati za m'sitolo. Anastasia sananene za phula. Kunena kukanakhala ngati kupempha chilolezo.

Mapemphero anayenera kuyamba naini koloko. Abusa ankachokera kutali pa njinga, ndipo pa kamtsinje kouma ka panjira anapeza njovu zitaima pansi pa mitengo ya nsangu zikutola zipatso. Munthu sauza njovu kuti akuchedwa ku ukwati. Anadikira, anthu nawonso anadikira kutchalitchi. Teni koloko inakwana, leveni inadutsa. Dzuwa la Okutobala linafika pamutu, ndipo malata a tchalitchi anayamba kulira okha ndi kutentha. Ena anathawira pansi pa mitengo, koma mkwatibwi anatsala m'kati kuti anthu asamuone nthawi isanakwane. Mayi wina anamubweretsera mpando, Anastasia anaubweza. Lamulo linali loti asakhale. Choncho Alice anaima maola atatu pansi pa malata, thukuta likuyenderera, maluwa atawakanikiza pamimba ndi manja onse awiri monga anaonera pa chithunzi cha Dona.

Abusa anafika itadutsa thwelofu, fumbi mpaka m'nsidze. Silas, atavala yunifolomu yositidwa ndi mlongo wake, anamugwira Alice pamkono kupita naye kutsogolo. Anastasia anamuyang'ana mwamuna wakeyo kumaso ndipo anaona kuti m'maso muli misozi. Munthu amene sanalire ngakhale pamene ng'ona inamuluma ntchafu. Anayesa kukumbukira tsiku limene Silas anamuyang'anapo Priscilla motero, sanalipeze.

Kumbuyo kwake amayi awiri ankanong'onezana. Wina anati diresi lotere silingasokedwe kuno, liyenera kuti ndi la Dona. Mnzake anati Margaret ndi wamwayi, kugwira ntchito kwa azungu n'kwabwino. Margaret anali pa benchi lomwelo ndipo anamva. Anangomwetulira n'kukonza duku. Mwina akanawawongolera pambuyo pake, mwina ayi. Anastasia anayang'ana zala zake zobooledwa ndi singano, n'kuzibisa m'chitenje.

Potuluka, nthungululu zitayamba, Alice anakweza maluwa m'mwamba. Anastasia ndiye anayamba kuona. Pamimba pa diresi panali banga lalikulu ngati chikhatho cha mwamuna, lachikasu, lonyezimira ngati mafuta. Sanadikire nyimbo kuti ithe. Anamukoka mkwatibwi pamkono mpaka m'nyumba ya pafupi, anatseka chitseko, n'kumuvula. Atalanda maluwa aja, chogwirira chija chinali chofewa ngati phala, ndipo m'manja mwake munamveka fungo la uchi.

Alice anayamba kulira. Margaret analowa, kenako Silas. Silas anayang'ana bangalo nthawi yaitali, n'kutembenukira mlongo wake.

"Anakuuzani amake Priscilla. Anakuuzani momveka bwino, inu n'kumaseka. Tsopano mwana wanga avala chiyani?"

Mwana wanga. Anastasia anali ataima pakona, mtolo wa maluwa uli kumbuyo kwake, phula likumata zala zake. Akanatha kutsegula pakamwa nthawi yomweyo. Koma chikwatiwireni anali asanamvepo Silas akukweza mawu kwa Margaret, ndipo zinamukomera ngati madzi a mumtsuko munthu akuchokera kumunda. Analola kuti mlandu ugwere maluwa. Margaret anatola diresilo, analiyandikiza kumphuno, anamuyang'ana mlamu wake kamodzi, n'kuliika pansi. Alice anakavina atavala chitenje ndi bulauzi. Maluwa aja Anastasia anakawaponya m'chimbudzi.

Masiku atatu otsatira Silas sanapondeko kwa mlongo wake. Nyama ya mvuu itagawidwa pakampu anabwera nayo molunjika kunyumba, mnofu wokhawokha, ndipo anamufunsa Priscilla ngati nsapato za ukwati zikumukwana. Anastasia anaphika nyamayo ndi mtima woyera. Akamadutsa pafupi ndi nyumba ya Margaret ankayenda pang'onopang'ono.

Koma banga silinkadziwa zimenezo. Anayesa sopo ndi madzi ozizira, madziwo ankangotsetsereka pamwamba. Anayesa ndimu, anayesa kupala ndi msana wa mpeni, ulusi wa nsalu unayamba kutukumuka ndipo analeka. Madzi otentha ankawaopa. Nsalu yoti adulepo chigamba panalibe. Masiku a ukwati wa Priscilla ankayandikira, ndipo uthenga unabwera woti abale a Langford abwera ambiri kuchokera ku Jumbe, ena mpaka aphunzitsi anzake ndi akazi awo.

Tsiku lachitatu Priscilla ankasoka batani pa malaya a mlongo wake. Anatsegula kachitini ka singano, anafufuza, n'kufunsa osadzutsa mutu kuti phula la ulusi lapita kuti. Anastasia anati linatha. Priscilla anati Lachisanu linali lalikulu ngati dzira. Kenako anapitiriza kusoka ndi ulusi wosapaka, ndipo sanafunsenso.

Tsiku lachinayi masana, Silas ali kuntchito, Margaret anatulukira atanyamula simbi yamakala ndi mapepala a khaki okulungira katundu. Anati mwaswera bwanji alamu, Anastasia anati ndaswera kaya inu, ndipo moni unathera pomwepo. Margaret anapempha makala ndi bulangete. Anayala diresi pa bulangete, anaika pepala pansi pa banga ndi lina pamwamba, anayesa simbi ndi malovu, n'kuikhazika pang'ono chabe. Atainyamula, pepalalo linali litamwa mafuta. Anasuntha pepala, anakhazikanso. Fungo la uchi linadzaza nyumba.

"Mkaka wa mtengo uja susungunuka ndi simbi, alamu," anatero Margaret, maso ali pa ntchito yake. "Ichi chikusungunuka."

Anastasia anafunsa ngati akanena kwa achimwene awo.

"Ndikanene chiyani? Mwana wanga wakwatiwa kale. Ndabwerera Priscilla, iyeyu sanalakwire munthu."

Anagwira ntchitoyo pafupifupi ola lathunthu, akusintha mapepala, akuuzira makala. Pakati pake anadandaula za msana, za Dona amene amafuna ngakhale zopukutira mbale zisitidwe, ndiponso kuti Alice tsopano apita ndi mwamuna wake ku Mambwe ndipo iye atsala yekha m'nyumba ndi nkhuku. Anastasia anamva zonsezo koma sizinamufewetse. Ankangoona manja a mlamu wake akuyenda mosakayika pa nsalu imene iye anaivutikira miyezi itatu. Ngakhale pokonza cholakwa, wodziwa anali Margaret yemweyo.

Phula linatuluka lonse. Nsalu inafewa ngati kale. Koma atalitulutsa padzuwa, pamalo paja panatsala mthunzi wachikasu, ngati pamene panatayikira tiyi wosalowerera. M'nyumba sunkaoneka kwenikweni. Panja, munthu wamaso akanauona ali patali mikono isanu, ndipo akazi a aphunzitsi a ku Jumbe maso ali nawo. Margaret anati utoto wa phula suchoka, apa ndiye pothera. Anakhuthula makala n'kumapita.

Madzulo ake Anastasia anamuikira Silas madzi osamba, anadikira kuti adye, n'kumuuza mwachidule kuti banga lija silinali la maluwa, linali phula limene iye anapaka. Sanapepese ndipo sanafotokoze zambiri. Anali atatopa ndi kuyang'anidwa ndi mwana wake yemwe. Silas anamaliza kutokosa m'mano. Kenako anadzuka, anatsitsa nyama yowamba imene inatsala pa nsanja, theka lonse, anaikulunga m'masamba, n'kutenga njinga dzuwa lisanalowe. Anastasia anamuyang'ana akukhota pa mtengo wa bwemba kulowera kwa mlongo wake. Masiku atatu okha, basi.

Panatsala nkhani ya mthunzi uja. Anastasia anasolola ulusi wongogwiriza, anabwezera diresi pa msinkhu wa Priscilla, ndipo anayesa kupinda nsalu kuti bangalo lilowe m'kati. Pa Alice zikanatheka. Pa Priscilla nsalu yonse inali ndi ntchito. Anaganiza zosokapo lamba, koma lamba wa nsalu ina akanaitana maso pamalo pomwepo.

Priscilla ataima pakati pa nyumba atalivala, anaika manja ake awiri pamimba, pamwamba pa banga, n'kunena kuti akanyamula maluwa palibe adzaone. Mayi wake anati maluwa ayi, awonongapo kale zokwanira. Priscilla anamuyang'ana.

"Ndi maluwa amene anawononga, amayi?"

Anastasia anamuuza kuti avule asanalidetse. Koma anayesabe za mapepala. Anapita kwa mkazi wa katekisiti amene ankapanga maluwa a mapepala ofiira ndi obiriwira, anatenga limodzi n'kulifumbata m'dzanja pobwerera. Pofika kunyumba chikhatho chake chinali chofiira ndi utoto. Kutchire kunalibe duwa, chilimwe chinali chitawotcha zonse kupatula a mvunguti, amene amadontha madzi okoma ndi kununkha ngati mbewa yakufa. M'dera lonselo mtengo wa maluwa oyera unali umodzi, ndipo unali kuseri kwa mpanda wa Bwana wa Gemu, kumene mkazi wa sikauti sangalowe popanda womudziwa.

Lachisanu masana, mawa lake ukwati, nyumba itadzaza alendo ndi ntchito ili paliponse, Anastasia anavala duku loyera n'kuyenda ulendo wa ola limodzi kupita kunyumba kwa Bwana. Analowera kuseri, kodzera antchito. Margaret anali pa khonde la kukhitchini akusita malaya a khaki. Anamuona akubwera koma sanaike simbi pansi. Anamaliza kolala, anamaliza mkono umodzi, anatembenuza, anamaliza winawo. Anastasia anaima padzuwa. Mtengo uja unali pambali pake, maluwa ena atagwa pa udzu wothiriridwa, ndipo wam'munda ankawasesa ngati zinyalala.

Margaret atapachika malayawo anapereka moni ndi kufunsa ngati kunyumba kwagwa zovuta. Anastasia anati palibe. Koma kunyumba kunali mtsikana wodikira, choncho anakankha mawu amene anawakonza panjira.

"Ndabwera kudzapempha maluwa, alamu. A Priscilla. Muwakonze inuyo mmene mumakonzera, ine sindiwakhudza."

Margaret anapukuta manja pa epuloni. Analowa m'nyumba, anamveka akulankhula ndi Dona m'chizungu, ndipo anatuluka ndi mpeni ndi chitini. Anaima pansi pa mtengo n'kuyang'ana m'mwamba, akusankha nthambi.

"Mukufuna ochuluka bwanji?"

Anastasia anayerekeza kukula kwa banga lija ndi manja ake, anayang'ana manjawo, n'kuwatambasula pang'ono.

"Apose a Alice," anatero.